Mutu ukapsa ku saluni: mafunso ndi mayankho a ku Nkhamanga

Ndalama za fodya zikayamba kulowa m'chigwa cha Nkhamanga, sizithera pa malata, feteleza ndi njinga zamoto zokha. Zina zimakwera kumutu. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka dzuwa la chilimwe litafika pouma, timasaluni ta pa Bolero, Mwazisi ndi ku Hewe sitisowa anthu. Maukwati amakhala achuluka, amayi a Umanyano ali ndi misonkhano yawo, ndipo pa Bolero pamabwera Gonapamuhanya, mwambo wokumbukira chiyambi cha ufumu wa Chikulamayembe, pamene mayi aliyense amafuna kuoneka kuti wachokera pakhomo.

Ambiri amatuluka mu saluni akuwala. Koma alipo ena amene amafika kunyumba mutu ukuyaka, m'mawa mwake n'kupeza tsitsi litamatirira kukhungu ndi madzi a chilonda. Pakatha milungu itatu chipeso chimayamba kudzaza, ndipo duku limene linali lovala Lamulungu lokha limasanduka la tsiku ndi tsiku. Nkhani zoterezi zimakambidwa monong'ona pamjigo, kawirikawiri zitasakanikirana ndi malangizo amene amawonjezera vuto.

Kodi tsitsi "likamawotchedwa" ndi mankhwala, kwenikweni chimachitika n'chiyani?

Amene anayamba kunena kuti "kuwotcha tsitsi" sanalakwitse. Tsitsi limapangidwa ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, yomweyo imene imapanga zikhadabo. Mkati mwa tsitsi lililonse muli timfundo tomangidwa ndi salufa, ndipo n'timeneti timene timachititsa kuti tsitsi la mzindo likhale lopotana komanso lamphamvu. Rilakisa, mankhwala owongola tsitsi aja, amadula timfundoti. Tikaduka, tsitsi limagonja n'kuwongoka, ndipo silibwereranso mmene linalili.

Mankhwala ochita zimenezi si ofatsa. Mtundu wina uli ndi sodium hydroxide, amene ndi kositiki yemweyo wopangira sopo. Mtundu winawo, umene umabwera m'kabokosi ndi kabotolo kothiramo n'kutakasa, umalembedwa kuti ulibe kositiki, ndipo anthu amauona ngati wosaopsa. Pa muyeso wa pH, umene umalekezera pa 14, khungu la m'mutu limakhala cha pa 5 ndi theka, pamene mitundu iwiri yonseyi imakhala kuyambira pa 12 kupita m'mwamba. Wa m'kabokosi uja amachedwerapo kuluma khungu, koma amasiya laimu m'tsitsi n'kuliumitsa. Ngakhale amene ali ndi chithunzi cha kamtsikana komwetulira pabokosi ndi a banja lomwelo.

Pulofesa Nonhlanhla Khumalo, dokotala wa khungu wa ku yunivesite ya Cape Town, ndi anzake anayeza tsitsi lowongoledwa ndi mankhwala m'chaka cha 2010, napeza kuti mbali ya puloteni imene imasunga salufa uja inali itachepa kwambiri poyerekeza ndi tsitsi losawotcha. Choncho tsitsi lililonse lowongoledwa, ngakhale ndi katswiri wosamala, limakhala litataya kale gawo la mphamvu zake. Walira mvula walira matope: wofuna tsitsi lowongoka wavomeranso ntchito yolisamala.

N'chifukwa chiyani wina amapsa, wina osapsa, mu saluni imodzimodziyo?

Choyamba ndi nthawi. Papepala la mankhwala pamalembedwa mphindi zake, kawirikawiri zosapitirira 20, ndipo zimawerengedwa kuyambira pamene burashi yakhudza mutu koyamba. Pa tsiku la msika wokonza tsitsi mmodzi amakhala ndi mitu itatu, ndipo wotchi yake imakhala nkhope ya kasitomala: akayamba kutsinzina ndi kugwedeza miyendo, ndiye kuti nthawi yakwana. Pamene khungu layamba kuyaka limakhala layamba kale kupsa.

Koma mlandu si wa wokonza tsitsi yekha. Alipo makasitomala amene amakana kutsukidwa, amati, "Amama, dikirani pang'ono, ligwire bwino," misozi ili m'maso. Chikhulupiriro choti mankhwala akaluma ndiye kuti akugwira ntchito chawononga mitu yambiri kuposa dzanja loipa. Kuluma sikuwongola tsitsi. Kumangosonyeza kuti mankhwala afika pamene sanayenera kufika.

Chachiwiri ndi khungu limene munthu wabwera nalo. Amene wamasula meshi dzulo, wakanda mfundu ndi chipeso, kapena wasambitsa mutu m'mawa womwewo, amakhala ndi timabala tosaoneka ndiponso wachotsa mafuta achibadwa otchinga khungu. Ndi bwino kupita ku saluni mutu utakhala masiku atatu kapena kuposerapo osakandidwa, ndipo wokonza tsitsi ayambe wapaka Vaseline pakhungu, m'mphepete mwa chipumi, m'makutu ndi kunkhongo.

Chachitatu ndi ritachi. Mankhwala amayenera kupakidwa pa tsitsi longomera kumene basi. Akapakidwa mpaka kunsonga, tsitsi lowotchedwa kale limawotchedwanso kachiwiri, kachitatu, mpaka limakhala ngati thonje lonyowa. Wothamangira ritachi pakangotha mwezi amakhala alibe tsitsi latsopano lokwanira, ndiye burashi singalephere kulowerera kwakale. Milungu 8 ndiyo yochepetsetsa, 12 n'kwabwino koposa.

Chachinayi sichitchulidwa kawirikawiri, koma kumudzi n'chachikulu: madzi. Rilakisa amafuna kutsukidwa ndi madzi ochuluka kwa mphindi zingapo, kenako ndi shampu yake yapadera yozimitsa mphamvu ya mankhwala, kawiri kapena katatu. Shampu zina zoterezi thovu lake limasanduka lapinki ngati mankhwala akadalimo. Kumene madzi amabwera pamutu kuchokera kumjigo, ndowa imodzi imayenera kukwanira anthu angapo, ndipo kutsuka kumafupikitsidwa. Mankhwala otsalira kunkhongo ndi kuseri kwa makutu amapitiriza kudya khungu munthu ali pa kabaza kubwerera kwawo. Mayi amene amapita ku saluni atasenza yekha chigubu cha malita 20 sakuchita mwano, akudziteteza.

Pali nkhani inanso ya mankhwala ogulidwa motapa, othiridwa m'kachitini kopanda dzina, kopanda tsiku lothera ntchito. Palibe angadziwe mphamvu yake kapena chimene chasakanizidwamo. Kasitomala ali ndi ufulu wonse woona chitini chisanatsekulidwe.

Munthu wapsa. Achite chiyani tsiku lomwelo?

Madzi, osati mafuta. Atsuke mutu ndi madzi oyera ozizira, akuthira mosalekeza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo, ataweramira kumbuyo kuti madziwo asatsikire m'maso. Mankhwala akalowa m'diso, disolo litsukidwe chimodzimodzi ndipo munthuyo athamangire kuchipatala, chifukwa kositiki amatha kuchititsa munthu kusaona.

Mankhwala otsukira mano, dzira, mchere, sipiriti ndi phulusa zisayandikire pabalapo. Pakauma pamachita nkhanambo imene imamata tsitsi. Kuitong'ola ndi chikhadabo kapena kuikoka ndi chipeso kumazula tsitsi pamodzi ndi khungu latsopano. Ndi bwino kuinyowetsa ndi madzi ofunda, kupaka Vaseline pang'ono, n'kuisiya igwe yokha.

Ngati patuluka matuza, mafinya kapena fungo, ngati nkhope yatupa kapena thupi latentha, nkhaniyo yachoka m'manja mwa saluni. Chipatala cha Bolero, cha Katowo kapena cha Mwazisi ndi poyambira, ndipo bala lalikulu limatumizidwa ku chipatala cha boma ku Rumphi. Bala lakuya likapola ndi chipsera, pamalopo sipameranso tsitsi, n'chifukwa chake manyazi oti adokotala aziti wadzichita yekha sayenera kumugoneka munthu kunyumba.

Utoto wakuda wobisira imvi uli ndi vuto lakelake. Wambiri uli ndi mankhwala otchedwa PPD, amene anthu ena thupi lawo limawakana: mutu umayabwa, zikope zimatupa, nthawi zina patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kuyesa kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 kumaulula zimenezi. Utoto ndi rilakisa zisakumane tsiku limodzi. Pakati pake padutse milungu iwiri.

Tsitsi lowonongeka lingachire?

Ayi. Ili ndi yankho limene ogulitsa mabotolo sakonda, koma ndi loona. Tsitsi likangotuluka pakhungu limakhala chinthu chakufa, lilibe magazi kapena njira yodzikonzera. Chamoyo ndi muzu umene uli mkati mwa khungu. Tiritimenti ndi kondishona zimamata ming'alu kwa kanthawi, zimagoneka timamba takunja kwa tsitsi kuti lisakolane, ndipo zimenezo n'zothandiza ndithu chifukwa zimachepetsa kuduka. Koma zimachoka ndi madzi, ndipo timfundo tija timakhalabe toduka.

Ntchito yeniyeni ndi iwiri: kusunga khungu kuti mizu ipitirize kubala, ndi kunyengerera tsitsi lakalelo mpaka latsopano litatalika mokwanira kuti lakale lidulidwe. Malo osalimba kwambiri ndi pamene tsitsi latsopano lopotana limakumana ndi lowongoka lija. Pamenepo ndi pamene limathyokera chipeso chikakokedwa mwamphamvu.

Nsonga zogawanika zimafuna sizasi yakuthwa, osati lezala kapena sizasi yodulira nsalu imene yabuntha. Kudula nsonga sikufulumizitsa kumera, monga ena amanenera, koma kumaletsa mng'alu kukwera m'mwamba. Ndipo mayi amene waona kuti zafika poipa n'kumeta lonse kuti ayambirenso sanagonje. Atsikana ambiri a kuno amakula ndi tsitsi lalifupi chifukwa cha malamulo a sukulu za boma, ndipo mitu yawo imafika Fomu 4 ili yodzaza mpaka m'mphepete. Mavuto amayamba mayeso akatha, pamene rilakisa, meshi ndi utoto zimafika pamutu umodzi m'miyezi itatu.

Nanga kuluka meshi si njira yabwino yopumitsira tsitsi lopsa?

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'dzenje lachiwiri pothawa loyamba. Tsitsi likayamba kuduka, maganizo amakhala oti libisidwe m'meshi mpaka lichire. Koma tsitsi lofooka likasenzetsedwa katundu wolemera, n'kukokedwa kuti mizere ioneke yaudongo, mizu ya m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu ndiyo imalipira.

Khumalo yemwe uja ndi anzake anayeza mitu ya anthu ku Langa, mumzinda wa Cape Town, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Pafupifupi amayi 32 mwa 100 aliwonse, ndi atsikana a sukulu 17 mwa 100, anali ndi dazi lobwera chifukwa cha kukoka tsitsi. Chiopsezo chachikulu chinapezeka mwa amene ankaluka pa tsitsi lowotchedwa ndi mankhwala. Amene amayenda m'misika ya kuno ndi maso otsekula amadziwa kuti chipumi chobwerera m'mbuyo si cha ku South Africa kokha.

Zizindikiro zimabwera msanga ndipo sizibisika. Khungu likatukuka ngati tenti pamene lukolo layambira, nsidze zikakwera, munthu akalephera kutafuna kapena kugonera mbali imodzi, tiziphuphu toyera tikatuluka m'mphepete, ndiye kuti mizu ikuzulidwa. Kumwa Panado kuti munthu agone usiku woyamba wa meshi kwazolowereka mpaka ena amakuona ngati gawo la mtengo wake. Si mmene ziyenera kukhalira. Malukowo amasulidwe tsiku lomwelo, ngakhale ndalama zapita.

Dazi lotereli limabwezeka likagwidwa koyambirira. Zaka zikadutsa mizu ikukokedwabe, imafa, khungu limasalala n'kumanyezimira, ndipo palibe mafuta angaidzutse. Wofuna kuluka adikire milungu iwiri kuchokera pa tsiku la rilakisa, asankhe maluko akuluakulu ndi opepuka, titsitsi ta m'mphepete tisiyidwe, ndipo asapitirire milungu 6 kapena 8 asanamasule. Akamasula, mutu upume milungu iwiri. Mizere yoluka ndi tsitsi lake lokha, kapena kumanga ndi ulusi monga ankachitira agogo, n'kopepuka kuposa meshi ofika m'chiuno, bola dzanja likhale lofewa. Wigi nayo ndi yabwino ngati ilibe guluu, ndipo imavulidwa usiku.

Pakati pa ulendo wina wa ku saluni ndi unzake, tsitsi lisamalidwe bwanji kuno kwathu?

Malangizo ambiri a pa foni amalembedwa ndi anthu amene sanaonepo fumbi la msewu wa ku Nyika mwezi wa Seputembala. Ku Nkhamanga tsitsi limakumana ndi mphepo youma ya Juni ndi Julayi, dzuwa la Okutobala, utsi wa kukhitchini, ndi utomoni wa fodya umene umachoka m'manja kupita kumutu pa nthawi yothena ndi yothyola. Duku la kumunda ndi chitetezo chenicheni, bola mfundo yake isamangidwe pamalo amodzimodzi tsiku lililonse.

Kusambitsa mutu kamodzi pa mlungu, kapena pa milungu iwiri, n'kokwanira. Sopo wochapira zovala, makamaka wa ufa, ndi mdani wa tsitsi lowotchedwa, chifukwa amatukula timamba tija n'kulisiya lokhakhala. Shampu ipakidwe pakhungu ndi nsonga za zala, thovu lokha litsikire kutsitsi. Ngati ndalama ikukwanira botolo limodzi lokha, kondishona ndiye woyenera kugulidwa, ndipo shampu yotsika mtengo ingasungunulidwe ndi madzi. Kumene madzi a mjigo sachita thovu msanga, madzi a mvula osungidwa bwino amasiya tsitsi lofewerapo.

Kupesa kumafuna ulemu. Tsitsi ligawidwe zigawo zinayi, likhale lonyowa pang'ono ndi kondishona, zala ziyambe kumasula, kenako chipeso cha mano otalikirana chiyambire kunsonga kukwera kumizu. Kupukuta kukhale kofinya ndi nsalu yofewa, osati kotikita. Dilaya yotentha, chipeso chamoto ndi zitsulo zowongolera zidikire mpaka tsitsi litasiya kuduka.

Chimene chimafewetsa tsitsi ndi madzi. Mafuta amangotsekera madziwo kuti asathawe. Kupaka Vaseline pa tsitsi louma kuli ngati kuvundikira mphika wopanda kanthu, ndipo fumbi limamatirirapo. Ndi bwino kuwaza timadzi pang'ono, kenako n'kupaka mafuta ochepa kunsonga. Usiku tsitsi lilukidwe zingwe zikuluzikulu zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, n'kufunda kansalu koterera. Chitenje ndi pilo wa thonje zimamwa chinyezi ndi kukwecha tsitsi usiku wonse.

Ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni sizingasiyidwe chifukwa cha tsitsi. Koma nkhata yokhuthala ya nsalu yofewa, yoikidwa pa duku, imachepetsa kukhuzika kwa paliwombo, ndipo mayi amene waluka kumene achite bwino kupempha wina amutungire masiku awiri oyamba.

Mafuta a nsatsi ndi a kokonati amameretsadi tsitsi?

Amathandiza, koma osati momwe amatamandidwira. Mafuta a kokonati amalowa mkati mwa tsitsi ndipo kafukufuku wa ku India wa mu 2003 anasonyeza kuti amachepetsa kutayika kwa puloteni posamba. A nsatsi, amene makolo ankadzola kalekale, ndi okhuthala ndipo amatsekera chinyezi bwino. Tsitsi likasiya kuduka limaoneka ngati layamba kukula msanga, koma liwiro la muzu silinasinthe.

Pakhungu lenilenilo mafuta ambiri sapindula. Mfundu imayamba ndi fangasi amene amadya mafuta, choncho kuithira mafuta ndi kuidyetsa. Shampu ya ketoconazole, yopezeka m'mafamase, ndiyo imathana nayo.

Kodi kuthothoka konse ndi mlandu wa saluni?

Ayi, ndipo okonza tsitsi ambiri anenedwa pa zimene sanachite. Mutu uli ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo 50 mpaka 100 limagwa lokha tsiku lililonse. Amene wakhala ndi meshi milungu 6 amaona lonselo litaunjikana tsiku lomasula. Kusiyanitsa n'kosavuta: tsitsi logwa lokha limakhala lalitali ndi kamutu koyera kumapeto, pamene loduka limakhala tizidutswa tatifupi topanda kamutu.

Mayi amene wabereka amayamba kuthothoka tsitsi pakatha miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo limabwerera lokha. Malungo aakulu, opareshoni kapena maliro a munthu wapamtima zimachita chimodzimodzi, patapita miyezi itatu, munthu ataiwala kale chimene chinayambitsa. Kuchepa kwa magazi nako kumaonekera kumutu, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vutoli. Nyemba, usipa, mazira, chiwindi ndi masamba obiriwira zimachitira muzu zimene botolo silingachite.

Pali mtundu wina wa dazi umene umayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira, nthawi zina ndi kuyabwa kapena kuwawa. Madokotala a ku America anaufotokoza mu 1968 n'kuloza chala chipeso chamoto. Mu 2019, gulu la akatswiri limene munali Pulofesa Ncoza Dlova wa ku Durban linapeza kuti mwa amayi ena vutoli limayendera m'magazi a kubanja. Limasiya zipsera, choncho mayi amene mayi ake kapena azakhali ake anayera paliwombo asadikire kuti aone ngati mafuta atsopano athandiza.

Abambo ndi ana, amene amangometa, ali pabwino?

Ali ndi zawo. Kumeta mpala ndi makina opanda chotchinga kapena ndi lezala kumasiya timabala, ngakhale magazi asaoneke. Ofufuza a ku Cape Town anatenga makina ometera kwa ometa 50 a m'makomboni, ndipo lipoti lawo la 2018 linati pa makina 42 mwa 100 panali zizindikiro za magazi, ndipo pa 8 mwa 100 panali kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B. HIV sanaipeze. Kachilombo ka hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo pachitsulo kwa masiku 7, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti abambo ambiri obadwa chisanafike chakacho sanamulandire.

Kupukuta makina ndi kaburashi n'kuwaza sipiriti kamodzi sikokwanira. Tsitsi lichotsedwe m'mano a makina, sipiriti anyowetse chitsulo chonse n'kuuma asanakhudze mutu wina, ndipo lezala akhale watsopano, wotsekulidwa kasitomala akuona. Tiziphuphu tolimba ta kunkhongo, timene kafukufuku wa ku Langa uja anatipeza mwa abambo 10 pa 100 aliwonse, timakula tikamametedwa mobwereza. Mwini wake asiye mpala, kolala yolimba ndi kukanda, apite kuchipatala tisanalumikizane n'kukhala chotupa.

Kwa ana nkhani ndi zipere. Zimayenda pa makina, chipeso ndi chipewa, makamaka mlungu wotsekulira sukulu pamene mzere wa ana umametedwa ndi makina amodzi. Chipere cha m'mutu chimakhala mkati mwa muzu, kotero mankhwala opaka okha sachifika. Chimafuna mapiritsi, kawirikawiri griseofulvin, omwa milungu 6 mpaka 8. Kupaka mafuta a mabuleki kapena madzi a batire, monga ena amachitira, kumawotcha mwana n'kusiya chiperecho chilipo.

Zikumveka kuti rilakisa amayambitsa khansa. N'zoona?

Nkhaniyi inachokera ku kafukufuku wa boma la America wotchedwa Sister Study, amene anatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11. Lipoti la mu Okutobala 2022 linati mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola tsitsi, ochepera 2 mwa 100 ndi amene akanadwala khansa ya chiberekero pofika zaka 70, pamene mwa ogwiritsa ntchito kopitirira kanayi pa chaka anali 4 mwa 100. Imeneyi ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero imene amayi amayezetsa m'zipatala zathu.

Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti china chimabala chinzake. Komabe ofufuzawo anakumbutsa kuti khungu lopsa ndi lamabala limalowetsa mankhwala m'thupi mosavuta. Amene amachita ritachi pa milungu 12 iliyonse amakhala cha pa kanayi pa chaka. Wa mwezi ndi mwezi amafika ka 12. Wokonza tsitsi, amene manja ake amakhala m'mankhwalawa tsiku lililonse m'kachipinda ka windo limodzi, ndiye woyamba kufunika magolovesi ndi chitseko chotsekula.

Munthu akawonongedwa mutu, akadandaule kuti?

Mumzinda kasitomala wokhumudwa amangosintha saluni. Pa Bolero wokonza tsitsi amakhala mlamu, mnzake wa kukwaya, kapena mwana wa a nyakwawa, ndipo mawu amalemera. Ambiri amalipira, kuthokoza, n'kukalirira kunyumba. Kukhala chete kumeneku kumapweteka onse awiri, chifukwa wokonza tsitsi amene sanaone bala limene anasiya adzalibwereza pa mutu wina.

Mawu osavuta amanenedwa ntchito ili mkati: "Amama, apa pakuwawa, tafewetsaniko," kapena "Yayamba kuluma, tiyeni titsuke." Wodziwa ntchito yake sakwiya nazo. Zikachitika kale, kubwerera mawa lake pa nthawi yopanda anthu, kuvula duku n'kumuonetsa, kumatsekula njira yokambirana za kubweza ndalama kapena kuthandiza pa za kuchipatala. Chithunzi cha pa foni ndi buku la kuchipatala ndi umboni. Malawi ali ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula katundu ndi ntchito. Mankhwala okayikitsa a m'sitolo ndi nkhani ya Malawi Bureau of Standards.

Ambiri mwa okonza tsitsi akumidzi anaphunzira poyang'ana, mwina kwa mchemwali ku Mzuzu, ndipo manja awo pa kuluka ndi aluso zedi. Chimene sanapatsidwe ndi chidziwitso cha mankhwala, chimene sichitenga zaka kuphunzira. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ingachite zazikulu itafika nacho pa misika ngati wa Bolero ndi Mwazisi, kumene mitu ikuwotchedwa Loweruka lililonse.

Tsitsi lidzabwerera liti?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsitsi la munthu wakuda limakula pang'ono kuchepera sentimita imodzi pa mwezi, ndipo popeza limapotana, limaoneka lalifupi kuposa mmene lilili. Mayi amene wameta lonse mwezi wa Okutobala amakhala ndi masentimita 5 kapena 6 pamene msika wa fodya ukutsekulidwa mu Epulo, okwanira timizere tofewa ta tsitsi lake lomwe. Amene wasankha kusunga lakale akhoza kumadula sentimita imodzi kapena masentimita awiri miyezi iwiri iliyonse, ndipo pakatha chaka ndi theka lowonongeka lambiri limakhala litapita.

M'mphepete mwa chipumi mumachedwa. Kukoka kukasiyidwa, titsitsi tofewa ngati ta khanda timayamba kuoneka pakatha miyezi itatu kapena inayi. Kujambula pamalopo ndi foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse, pa kuwala kofanana, kumathandiza kuposa galasi, chifukwa diso loona tsiku lililonse silizindikira kusintha. Miyezi 6 ikatha pamalopo pali posalala, ponyezimira, popanda timabowo ta mizu, ndi nthawi yopempha kalata ku Rumphi yokaonana ndi a zakhungu ku Mzuzu Central Hospital. Kumeneko angayeze magazi, kuona ngati pali kutupa kwa mkati kofuna mankhwala, kapena kulemba minoxidil, wopaka tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, amene saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.